Achimwene anapita osadziwa za Wandevu

Achimwene anga anali ometa. Zaka makumi awiri ali chiimire kumbuyo kwa mpando umodzi womwewo, wa chikopa chong'ambika, mpaka miyendo kutupa. Makina awo ometera ndi amene anatilera ife atatu bambo atamwalira. Sanakwatire. Mukawafunsa ankati, "Mkazi wanga ndi uyo," akuloza TV imene anaikhomera pamwamba pa galasi.

Loweruka lililonse masana pankabwera sewero la anthu osaka zilombo ndi opopa magazi, aja a mano aatali oopa dzuwa. Nthawi ikakwana, makina ankazima. Kaya akumetani mbali imodzi, mumadikira choncho. Mu shopu munkadzaza: a Kondakitala, a Telala a khomo loyandikana, amayi ogulitsa mayunitsi, ena mpaka kukhala pansi. Onse mtima unali pa mlenje wamkulu amene ankamutcha Wandevu.

Achimwene anali ndi lamulo limodzi, analilemba ndi choko pachitseko: amene waonera asauze amene sanaonere. Ukaswa, sumetedwanso. A Telala anayenda miyezi iwiri tsitsi lili ngati chisa chifukwa chongonena kuti, "Mtsikana uja si munthu."

Chaka chino impso zinawagwetsa. Anagonekedwa m'chipatala sewero litathera poipa: Wandevu walumidwa pakhosi, mng'ono wake waima pamwamba pake ndi mtengo wosongoka m'manja, akulira. M'wodimo munalibe TV. Makiyi a shopu anapatsa a Kondakitala kuti anzawo asaphonye gawo lotsatira.

Lamlungu anabwera atatu aja, maso ali psuu. Ine ndinkati akulirira wodwala. Ayi ndithu, anali atalira dzulo lake pa TV.

"Ndiye zatha bwanji?" anafunsa achimwene, mawu akuchita kukoka. "Wamubaya?"

A Kondakitala anaseka. "Iii bwana, msampha umenewo! Tikuuzeni, mawa mutithamangitse ndi mitu yosameta?"

"Lamulolo ndalichotsa."

"Lamulo silichotsedwa munthu ali chigonere," anatero a Telala. "Ine ndinazunzika nalo. Dzukani mukaonere nokha, chibwereza chilipo."

Amayi a mayunitsi anagwira pakamwa. "Koma ndiye mukalira, achimwene. Ine dzulo sindinadye."

Anatuluka akukangana m'khonde, wina akuti olemba seweroli alibe chisoni, wina akuti zinayenera kutero basi. Achimwene anatukula mutu pa pilo kuti atoleko kanthu, nesi n'kutseka chitseko.

Ine ndinali nditamva kale kwa adokotala kuti kudzuka kulibe. Ndinawathamangira anthu aja pa geti. Ndinati, "Chonde, ndiuzeni ineyo, ndikawauze." A Kondakitala anati, "Achemwali, mukawauza ndiye mwawataya. Asiyeni akhale ndi chodzukira." Ndinafuna kunena kuti munthuyo akufa, koma pakamwa panakana. Mpaka lero ndimadzida.

Ndinabwerera ndi bodza. Ndinati Wandevu wachira, anamubaya jekeseni, wabwerera kwa mkazi wake. Achimwene anandiyang'ana.

"Mlongo wanga, Wandevu alibe mkazi." Anatembenukira kukhoma. "Zaka zonsezi sunakhaleko pansi ngakhale kamodzi kuonera nane."

Sananame. Ine ndinkati ndi zachibwana, munthu wamkulu kulirira anthu a m'galasi.

Lolemba anafunsanso. Lachiwiri anafunsa nesi, anafunsa wokolopa, anafunsa mlendo wa pa bedi lina, palibe ankaonera zimenezo. Anzawo sanabwerenso, akuti ankaopa lilime lingaterereke. Lachitatu m'mawa achimwene anatisiya.

Pa maliro anabwera onse, sindinganame, bokosi ananyamula ndi iwowo. Koma tikuchokera kumanda ndinawamva kumbuyo kwanga akunong'onezana kuti kaya Loweruka likubwerali akaonera kwa ndani. Kenako a Kondakitala anandipeza, chipewa chili m'manja, nkhope yagwa.

"Achemwali, tinalakwa. Bola ndikuuzeni inuyo mmene zinathera. Mng'ono wake uja..."

Ndinati, "Imani pomwepo. Amene ankafunsa mwawakwirira nokha ndi fosholo. Njira mukuidziwa, bwererani mukawauze."

Anayang'ana kumene tinachokera, anayang'ana ine. Sanapite. Anavala chipewa chawo n'kutsatira anzawo.