Zolinga za Malemu

Pa 3 Januwale, likulu linalengeza kudzera m'kalata nambala 1 kuti, pozindikira kupanikizika kumene zolinga za chaka chatsopano zimabweretsa, wogwira ntchito aliyense azikhala chete kwa mphindi khumi m'mawa, kumvetsera mpweya wake ndi kudzichitira chifundo. Kalatayo inalonjeza kuti pofika Malichi mitima idzakhala itapepuka. Ndime yomaliza inakumbutsa kuti fomu ya zolinga ibwezedwe Lachisanu, ndipo wochedwa adzalandira chenjezo.

Amene anaikhoma pa bolodi ndi Mayi a Mafayilo. Agwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi m'chipinda chapansi chopanda zenera, momwe mapepala amanunkha ngati zovala zosauma bwino, ndipo kwangotsala chaka chimodzi kuti apite ku penshoni. Ntchitoyo anawapezera ndi mlamu wawo, Bambo Chidindo, amene ankadinda makalata pa tebulo la pakhomo. Bamboyo anali munthu wa mphumu. Akamakoka mpweya, m'chifuwa munkalira kamluzu.

Bambo Chidindo anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ofesi yonse inapita kumaliro. Koma fomu yochotsera munthu m'kaundula imafuna siginecha ya wochokayo, ndipo malemu sanabwere kudzasaina. Choncho Januwale aliyense kumabwera mafomu khumi ndi awiri a anthu khumi ndi mmodzi, ndipo nthambi yobweza operewera imatchulidwa pamsonkhano.

Chaka choyamba abwana a nthawi imeneyo anangoika fomu yotsalayo patsogolo pa mayiwo.

"Ndi alamu anu," anatero. "Mukudziwa zimene akanafuna."

Mayiwo analemba kuti malemu azifika msanga ndiponso azisamala inki, n'kusaina motsanzira dzanja lawo. Tsoka lake, malamulo amati zolinga za chaka chino zipose za chaka chatha. Pofika chaka chachisanu ndi chiwiri, malemu anali atalonjeza kuphunzira kompyuta, kuchepetsa thupi ndi kukwera masitepe mothamanga. Disembala aliyense fomu inkabwerera itadindidwa kuti "Sanakwaniritse", ndipo manyazi ankagwira mayiwo. Abwana aja anasamutsidwa. Atsopano ankakonda kunena kuti Bambo Chidindo ndi munthu wofatsa, sanamvepo dandaulo lake. Mayi a Mafayilo ankadziwa kuti kusainira munthu wina n'kochotsetsa ntchito, ndipo tsopano anali okha pa mlanduwo.

Lolemba kunabwera mlangizi wochokera ku likulu, mtsikana waulemu wokhala ndi kabelu. Anayala mipando motsatira kaundula. Umodzi, kumanzere kwa mayiwo, unakhala wopanda munthu.

"Akubwera?" anafunsa mlangiziyo.

"Amachedwa masiku ano," anayankha dalaivala wa ofesi. "Kumene anasamukira mayendedwe ndi ovuta."

Palibe anaseka mokweza.

Kabelu kanalira, onse anatseka maso. "Maganizo akabwera musawathamangitse," anatero mlangizi. "Ingowaonani, muwalole adutse." Mayiwo anamva fani, anamva mimba ya dalaivala. Kenako, kumanzere, pafupi ndi khutu, anamva kamluzu. Kankalowa, n'kutuluka, mosafulumira, ngati ka munthu amene wangokwera kumene masitepe.

Lachiwiri kanalipo. Lachitatu mayiwo anaimitsa wokolopa pakhonde.

"Asisi, inu simukumva kanthu muja?"

"Ine ntchito yanga n'kukolopa," anatero wokolopayo, osadzutsa mutu. "Koma mpando uja ndikamaubweza umakhala wofunda. Muwauze asamaukoke, ukukanda pansi."

Lachinayi mlangizi anawerenga pa kapepala kake ndi mawu omwewo ofatsa. "Dzilankhuleni nokha monga mungalankhulire ndi m'bale wanu wotopa. Mungamusenzetse zonse zimene mwadzisenzetsazi?"

Mayi a Mafayilo anaganiza za masitepe aja, ndi za munthu wa mphumu amene anamulembera kuti aziwakwera mothamanga. Anaganizanso za fomu zawo zomwe, zimene ankalemba pomaliza, dzanja litatopa, n'kulonjeza zinthu zoti ngakhale anthu atatu sangazithe. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri anali kuthamangitsa anthu awiri, ndipo palibe anafika.

"Alamu, pepani," ananong'ona. "Ndakutopetsani. Nanenso ndatopa."

Kamluzu kanatalika pang'ono, n'kusiya. Fani inapitiriza yokha.

Lachisanu fomu ya malemu inapita yosalembedwa. Mayiwo anaiphatikiza ndi kalata yofotokoza zonse, za imfa ndi za masiginecha asanu ndi awiri, n'kusaina ndi dzanja lawo lenileni. Pa fomu yawo analemba mzere umodzi: kutuluka masana kukaona dzuwa. Kapu ndi juzi zimene ankasunga mu ofesi anapita nazo kunyumba, kuti tsiku lochotsedwa lisadzawapeze ndi katundu wambiri. Chodabwitsa n'chakuti anayamba kudya bwino.

Yankho linafika mu Malichi, makalata awiri. Yoyamba inali ya mayiwo: cholinga chawo chinalibe nambala, atchule kuti dzuwalo adzaliona kangati. Yachiwiri inali chenjezo kwa Bambo Chidindo chifukwa chobweza fomu yopanda kanthu, pamodzi ndi kuwaitana ku maphunziro apadera a kudzichitira chifundo. Kalata youlula ija inatsikanso m'chipinda chapansi kuti mayiwo aisunge m'fayilo. Inali isanatsegulidwe. Pa envulopu panali chidindo chakuti "Yalandiridwa", chopendekera kumanzere monga ankadindira munthu mmodzi yekha, ndipo inki inawadetsa chala.

Mayiwo anabweza kapu ndi juzi. Masana amatuluka, amaima pafupi ndi geti mphindi zingapo, nkhope itayang'ana kumwamba.

Malinga ndi kalata nambala 9, fomu ya chaka chamawa idzakhala ya masamba anayi. Nthambi yawo yapatsidwa mafomu khumi ndi awiri.