Ndinazenga mlandu mwana ali chikomokere

Ine ndinachedwetsa mwana wanga kuchipatala masiku awiri chifukwa cha nsanje. Ndikuvomera poyera, inu owerenga, kuti wina asadzachite zomwe ndinachitazi.

Timakhala ku Lifidzi. Amuna anga amanyamula katundu wa anthu pa njinga pamalire a dziko ku Kalomwe, kunyumba amabwera Loweruka lokha. Mwana wathu Rozina anali ndi zaka zinayi. Nyengo yokolola nyemba anatentha thupi n'kusiya kudya. Za malungo sindinaganizeko, poti kuno n'kozizira ndipo timadzinamiza kuti udzudzu ndi wa kuchigwa. Loweruka m'mawa bambo ake atafika anamunyamula, posakhalitsa mwana anayamba kugwedezeka, maso atatembenuka.

Pomwepo ine ndinati ndi tsempho. Kwathu amati bambo akayenda ndi mkazi wina n'kudzagwira mwana, mwanayo amadwala, ndipo sachira mpaka wolakwayo ataulula. Mtima wanga unali kale pa mayi wina wogulitsa kachewere pamalire paja, amene ndinkangomumvera m'mphekesera. Ndinaitana azakhali anga, abambowo tinawakhazika pansi n'kuwaletsa kumukhudzanso mwana.

"Amake Rozina, tiyeni kuchipatala, mlanduwu tidzakamba pobwera," anatero iwo. Ndinawayankha mowatukwana kuti akuthawa mlandu. Njinga ndinaitsekera m'nyumba, kiyi n'kumanga pansonga ya chitenje. Lamlungu lonse linatha tikukokanakokana, mwana ali gone pamphasa, kumuitana dzina osayankha. Lolemba m'mawa abambowo anagwada n'kunena kuti inde anachimwa. Ndinatsegula chitseko ndikudzimva kuti ndapambana.

Titafika kuchipatala ku Ulongwe namwino anati ndi malungo olowa m'mutu. Anafotokoza kuti bongo umatupa, koma chigaza sichitambasuka, ndiye umapanikizika mpaka zina m'katimo kuwonongekeratu. Anati ngakhale mbewa zomwe akatswiri amaphunzirirapo matendawa zimatupa bongo chimodzimodzi, ndipo zikafika pokomoka nthawi imakhala itatsala pang'ono. Kenako anafunsa kuti mwanayu anakomoka liti. Ine ndinangoyang'ana pansi.

Rozina anatsitsimuka patapita masiku asanu, koma samva, salankhula, ndipo mwendo wamanzere amachita kukoka. Tikubwerera kwathu, bambo ake akukankha njinga, anandiuza mosakweza mawu kuti mayi wa kachewere uja samudziwa n'komwe. Anavomera bodza kuti ndiwatsegulire chitseko. Sananditukwane, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akananditukwana.

Inu owerenga, mwana akatentha thupi n'kuyamba kugwedezeka, thamangani naye kuchipatala, mafunso pambuyo. Mlandu suola, koma bongo wa mwana sudikira kuti akuluakulu amalize kukangana. Rozina tsopano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anzake akamapita kusukulu, iye amaima pachitseko chomwe chija ndinatseka, n'kumawayang'ana. Mawu omaliza amene mwana wanga anamva padziko pano ndi anga, ndikutukwana bambo ake.