Mwana ankatha kumsana ine ndikuchita manyazi

Linali Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, m'mwezi wozizira uja, ndipo anzanga zimene ndikuuzeni pano ndi zoona, sindikuwonjezerapo kanthu.

Mwana wanga wamkazi amadwala mphumu, ndipo adokotala amene ankamudziwa kwathu ku Masasa anali atasamuka. Tsikulo chifuwa chake chinayamba kulira ngati kamphaka, ndiye ndinamubereka, n'kumufunditsa chitenje mpaka kumutu poti kunkawaza, n'kukwera kabaza kupita pa kiliniki ina imene anthu ankaitama kuti palibe mzere.

Mzere panalibedi. Mtsikana wolandira anthu anandifunsa ngati ndine membala. Membala wa chiyaninso? Ine umembala ndinkadziwa wa kwaya basi. Anati adokotala awo amaona okhawo amene analembetsa chaka chonse, ndipo atsopano ayamba kuwalemba mwezi wamawa, n'kundipatsa fomu ya Chingerezi, ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5. Atafunsa chandibweretsa, ndinayankha monga tinaleredwera, maso pansi, kuti mwana sakupeza bwino pang'ono. Pang'ono! Chitenje sindinavundukule n'komwe.

Ndikutuluka, amayi ena achikulire amene ankakolopa pakhomo anaima n'kutchera khutu kumsana kwanga. Sanapemphe, anangokoka chitenje chija. Milomo ya mwana inali itada, maso atatembenuka, ndipo kulira kwa kamphaka kuja kunali kukuzima. Amayiwo anandikalipira m'Chitumbuka kuti kodi ndabereka mwana kapena thumba la makala, kenaka anathamanga kukamenya chitseko cha adokotala ndi mtengo wa chokolopera. Mtsikana uja atati mkatimo muli membala, iwo anati membalayo akupuma bwinobwino, adikire.

Adokotala anatuluka atakwiya, koma atamuona mwana sanafunse za fomu. Anamuika chopumira kumphuno, ndipo patapita nthawi mwana analira mokweza, kulira kokoma kuposa nyimbo. Umembala sanatipatse, koma analemba zonse m'kabuku ka mwanayo ka kuchipatala n'kundiuza kopita.

Lero ndimakhulupirira kuti Mulungu amaika munthu wake pakhomo lililonse, ngakhale lotseka. Koma amayi anzanga, ulemu usiyeni kunyumba mwana akadwala. Vundukulani chitenje, fuulani.

M'mawa wotsatira tsiku lija ndinabwerera ku kiliniki ija ndi mkoko wa nthochi, osati kwa adokotala, koma kwa amayi aja. Ndinagwada pa simenti yonyowa n'kuwathokoza m'Chitumbuka chawo kuti yewo chomene, iwo akuseka kuti ndidzuke ndikuwadetsera pokolopa.