Chingwe Chomwe Yurani Ankazula Dala

Tsiku lomwe bwana wathu, a Efraín, anamuuza kuti alongedze azipita, Yurani Mosquera anali asanamalize n'komwe miyezi yake yoyeserera ntchito. Inu amene mtima wafooka, imvani za mtsikana ameneyu.

Anali wamasiye, sukulu inamukanika, ndipo ankagulitsa mango aawisi othira mchere pasiteshoni mumzinda wa Medellín. Zamakompyuta anaziphunzira pa makina obwereka, mpaka tinamulemba ntchito.

Ofesi yathu inali kachipinda kotentha pamwamba pa shopu ya buledi. Ndikakumbukira fungo lija ndi phokoso lathu, mtima umandiwawa ndithu. Tinkatumiza mauthenga okumbutsa odwala tsiku lokaonana ndi dokotala. Mauthengawo ankaima pamzere umodzi, ndipo mapulogalamu ang'onoang'ono omwe tinkawatchula kuti antchito ankatenga umodziumodzi n'kutumiza. Mapulogalamuwa anawalemba ndi Yurani.

Koma analakwitsa pamodzi. Wantchito akangotenga uthenga, ankaufufuta pamzere asanautumize. Tsiku lina magetsi atathima, mauthenga onse omwe anali m'manja mwa antchito anangozimiririka. Odwala anajomba, a kuzipatala n'kutiimbira mokalipa.

"Mwana wanga, bwerera ku mango kuja. Izi zakukulira," anatero a Efraín, bwana wathu, omwe polankhula sankapita m'mbali.

"Bwana, ndipatseni mpaka Lachisanu," anayankha Yurani. "Uthenga ukasowanso umodzi, ndichoka ndekha."

A Efraín atavomera, Yurani anakonza kuti uthenga usachoke pamzere mpaka utatumizidwa. Wantchito akafera panjira, uthengawo ubwerere, mnzake autenge. Kenako anayamba zomwe ife tinaziona ngati misala: antchito ali mkati motumiza, iye ankazula dala chingwe cha magetsi kuti aone chomwe chisowe.

Zinkakanika. Mauthenga ena ankakakamira, ena ankapita mobwereza, ndipo poti anali mauthenga oyesera chabe, ankafikira pa mafoni athu.

"Iwe Yurani, kodi ndipite kangati kwa dokotala wakoyo?" ankakuwa Wilmar, mnzathu wachipongwe. "Sindikudwala ine!"

Yurani ankangoseka, kukonza, n'kuzulanso.

Lachisanu anawalozera a Efraín chingwe. "Zulani nokha, bwana."

Anazula, makina n'kuti zii. Atabwezeretsa, tonse maso anali pa mafoni. Mauthenga anafika onse, uliwonse kamodzi kokha. A Efraín anakanda mutu.

"Khala pansi, mwana iwe. Khofi wako akuzizira."

Lero Yurani amatsogolera gulu lalikulu la olemba mapulogalamu, ndipo aliyense wobwera kumene amamuuza kuti azule chingwe ndi dzanja lake. Ambiri amachita mantha, monga momwe iye anachitira tsiku lomwe anauzidwa kuti alongedze.

Inunso mwina mwalakwitsa anthu akuona, ndipo manyazi akukuuzani kuti muthawe. Musathawe. Bwererani pomwe mwagwerapo, mukonze, muyesenso. Zikakanika, yesaninso mawa. Mtima wokhawo musautaye.