Mwana wanga pa sikelo ya nandolo

Bambo ake a mwana sakudziwa, apongozi anganso sakudziwa, koma lero ndinene. Mwana wathu woyamba ndinkakamuyeza pa sikelo ya venda wogula nandolo pa Ulongwe, nditamuika m'chikwama chopitira kumsika.

Musafulumire kundiseka. Kuchipatala amayeza ana kamodzi pamwezi, ndipo kwa mayi wamantha ngati ine mwezi sutha. Mtsikana wangayu anabadwa wochepa thupi. Aliyense womunyamula ankanena kuti kapepuka, ndipo ine ndikamva mawu amenewo chakudya sichinkatsika. Kukoleji ndinatengako satifiketi ya zowerengera ndalama, ndipo chimene chinanditsalira m'mutu n'chakuti chinthu chimene sunachiyeze sukuchidziwa.

Chikwamacho chinali chobiriwira, cha mtundu uja unachuluka ataletsa majumbo opyapyala. Ndinachigula m'sitolo ku Balaka. Anthu amati n'cha nsalu, koma tachiyang'anani padzuwa, mulibe ulusi wolukana. Ndi pulasitiki yosungunula imene amaimwaza ngati thonje n'kuipsinja ndi chitsulo chamoto, n'chifukwa chake chili ndi timadontho ponseponse. Zogwirira zake sanasoke, anangomata ndi moto. Zonsezi ndinkazidziwa bwino, koma ndinati chikwama chimene chimanyamula mbatata zodzadza sichingalephere kamunthu kanga.

Venda amene ndinamupempha anali bambo wamtali wovala chisoti choyera, wokonda nthabwala. Poyamba anakana, amvekere anthu anena kuti wayamba kugula ana. Nditachonderera anayang'ana uku ndi uku, n'kukoleka chikwama pa ngowe ya sikelo. Mwana anangosuzumira kunja, akuyamwa chogwirira.

"Achemwali, nandolo wa mtundu uwu mtengo wake sunatuluke," anatero.

Ine sindinaseke. Muvi wa sikelo unaima pansi pa zimene alangizi a zaumoyo anandiuza sabata yomweyo. Ndinati mwana akutha.

Kuyambira pamenepo kunyumba kwathu kunali nkhondo ya phala. Phala lothira nsinjiro, lothira dzira, lothira matemba opera, mpaka mwana ankatembenuza nkhope akangoona sipuni. Tsiku la msika likafika ndinkauza apongozi kuti ndikukagula tomato, ndipo iwo ankadabwa kuti banja laling'ono chonchi tomato limamutani. Kuchipatala ankati mwana akukula bwino, ine n'kumati akungonditonthoza. Ndinkakhulupirira venda, poti iye analibe chifukwa chondisangalatsira.

Chikwama chija ndinkachichapa pafupipafupi, pajatu munkalowa mwana, n'kuchiyanika padzuwa. Pulasitiki imeneyi ndi dzuwa sizigwirizana. Chinayamba kutuwa, ndipo ndikachigwira chinkasiya kafumbi kobiriwira m'manja. Ndinaona, koma maso anga anali pa muvi.

Tsiku lina nandolo atachuluka, amayi ali pamzere ndi matumba awo, venda anatilowetsa mwachangu. Atangokoleka, chogwirira chimodzi chinathothoka. Mwayi wake, sikelo inali pamwamba penipeni pa mulu wa nandolo. Mwana anagwera chokhala, n'kutitimira mpaka m'chiuno. Kenako anatapa nandolo ndi manja onse awiri n'kuyamba kuseka. Amene analira ndine.

Venda anamutola, anamukweza m'mwamba ngati akuyesa kulemera kwa thumba, kenako anandikokera pambali.

"Walahi achemwali, mwanayu ndi wolemera. Sikelo yangayi imadya, siionetsa zonse iyayi. Ndimasowa pokuuzirani. Musabwere nayenso, ndipo chonde musanditchule."

Ndinaseka misozi ili m'masaya. Miyezi yonse ija ndinkaonda ndine, mwana akunenepa. Ndinamubereka kumbuyo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva kuti msana ukundiwawa ndithu.

Ndili m'njira m'pamene ndinakumbukira kuti apongozi anga, nandolo wawo wa kumunda wa kwa Kalembo amagulitsa pa sikelo yomweyo. Kuti ndiwauze kuti imadya, akanafunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndikanayankha kuti chiyani? Kuti mdzukulu wawo, amene salola ngakhale ntchentche kumutera, ndakhala ndikumupachika pa ngowe ngati katundu? Ndinangowauza kuti venda wa tsidya lina la msewu amalankhula mwaulemu. Anasamukira kumeneko, ndipo chaka chimenecho anabwerako akuyamikira kuti nandolo wawo walemera.

Amayi ena aja a pamzere sindinawauze kanthu. Bamboyo anandichotsera mantha podziulula yekha, ndipo anandipempha kuti ndisamutchule. Chikwama chija chilipobe, cha khutu limodzi, ndimasungiramo mapegisi oyanikira zovala kuseri kwa chitseko. Mwana tsopano amathamanga, kumunyamula mpaka upume kaye. Koma ndikadutsa pa Ulongwe n'kuona mzere pa sikelo ija, ndimayang'ana kumbali. Inu amayi anzanga, pokhala chete paja ndinachita bwino kodi?