Kabotija ka a Saide pathandala la nsomba

Lachiwiri ndinapalasa njinga kupita ku Chiuta kukaona mlongo wanga Asiyatu. Ndinamupeza akutembenuza nsomba pathandala. Pakati pa nsombazo panali kachitsulo konyezimira, kotalika ngati chitsononkho.

"Ayanika alamu anu," anatero. "Akuti kananyowa ndi mvula."

Alamu angawo, a Saide, anakhala zaka ku Nampula, komwe anaphunzira masewera owombera chandamale ndi kamfuti ka mpweya. Kachitsuloko ndi kabotija ka mfutiyo, kamene amapoperamo mpweya wothinana kuposa wa m'tayala la lole. Kanali kodzaza, padzuwa loswa mtengo, pafupi ndi nkhope ya mlongo wanga.

Ndinachita mantha, sindikubisirani.

Ndinakanyamula ndi nsalu n'kukaika pamthunzi. Opanga amadinda chaka pa kabotija kalikonse, ndipo ambiri amati pakatha zaka khumi kapume. Akaka kanali katapitirira ndi zinayi.

A Saide atatulukira, ndinawauza kuti, "Alamu, aka kanatha nthawi."

"Kanatha bwanji? Taonani kuwalaku! Inu olemba m'nyuzipepala mumaopa ndi mthunzi wanu womwe."

Musawaseke a Saide, chifukwa ndi ifeyo. Amene tinabwerako kothawa nkhondo ndi mphika umodzi tinaphunzira kusataya kanthu. Ndowa timamata, tayala timasoka, patapata timamanga ndi waya. Ine ndimanyadira nazo zimenezo.

Koma ndowa ikatopa imadontha, n'kukuchenjeza. Chitsulo chosunga mpweya chimatopera m'kati. Kupopa kulikonse kumachikoka, chinyezi chimachidya, kutentha kumawonjezera mphamvu ya mpweyawo, kunjaku chikunyezimirabe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku lophulika sichiyamba chaodira.

Nanga mabotija a gasi amene timawamangirira pakaliyala wa njinga ku Entre Lagos, ndani anayamba waŵerama kuona chaka chake? Timangogogoda ndi chala n'kuti ali bwino.

Amene anawagonjetsa a Saide si ine ayi. Ndi Asiyatu. Anapukuta manja, n'kunena mosakweza mawu:

"Bambo a Amina, ngati n'kolimba, kabwezeni pathandala. Koma nsombazi muzitembenuza ndinu."

Alamu anayang'ana kabotija, anayang'ana mkazi wawo. Kenaka anakhala pansi n'kuyamba kutulutsa mpweya wa m'kabotijamo pang'onopang'ono, mpaka phokoso lake linatha.

Kwanuko, chikunyezimira pathandala n'chiyani? Ndipo waima pafupi nacho ndani?