Ndinakuwa Kuti Kumanzere, Mkazi Wanga Anandimvera

Inu owerenga, mawu amodzi amene ndinakuwa m'mbali mwa mtsinje ku Belgium anapundula dzanja la mkazi wanga. Ndikulemba ndi chisoni, kuti wina asadzachite zomwe ndinachita ine.

Timakhala ku Lewisham, kuno ku London. Ine ndinakulira pa njinga kwathu ku Mchinji, ndipo matama anga pa nkhaniyi sankatha. Mkazi wanga, yemwe ndi mzamba, anaphunzira njinga ali wamkulu kale, mphunzitsi wake ndili ineyo. Tinkapalasa m'mbali mwa Thames cha ku Greenwich, ine ndili pambuyo kumulalatira lamulo limodzi lokhalokha: mukaona munthu kutsogolo, thawirani kumanzere. Ku Malawi timayenda kumanzere, kunonso chimodzimodzi. Ndinabwereza mpaka lamulolo linamulowa m'magazi.

Atazolowera, ndinamunyengerera kuti tikapalaseko chigawo chimodzi cha njira yaitali ya njinga yotsata ngalande ndi mtsinje, kuchoka ku Lille m'dziko la France kukafika ku Kortrijk ku Belgium. Mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, wobadwira ku Zimbabwe koma makolo ake a ku Ntcheu, atamva za ulendowu ananditengera pambali. Anati kumeneko amayenda kumanja, choncho timange kansalu kofiira pa handulo ya kumanja kuti kazitikumbutsa, chifukwa munthu akatopa manja amabwerera ku zimene anazolowera. Ine ndinaseka, n'kufunsa ngati akundiona ngati khanda lomangidwa chithumwa. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine tsikulo ndinaona ngati akundinyoza.

Mbali ya France tinayenda bwinobwino. Tinkakumbutsana pakona iliyonse, mkazi wanga akuimba kuti kumanja, kumanja, ngati nyimbo ya kwaya. Maboti onyamula katundu ankadutsa pang'onopang'ono, ife n'kumawabayibitsa. Malire ake ngodabwitsa, abale. Palibe geti, palibe msilikali, mtsinje womwewo uku France uku Belgium. Titazindikira kuti tawoloka, tinaima, tinajambulana, tinadya masangweji athu. Ndinamva ngati chovuta chatha. Nyimbo ya kumanja inathera pomwepo.

Dzuwa litapendeka, miyendo inali italema. Madzi anali kumanzere kwathu, ine patsogolo, mkazi wanga pambuyo panga. Sindinazindikire kuti tasendera pakati pa njira. Pansi pa mlatho wina njirayo inapanikizika n'kukhota, ndipo mwadzidzidzi panatulukira bambo wina pa njinga ya mpikisano, liwiro la mtondo wadooka. Sindinaganize n'komwe. Ndinakhotera kumanzere n'kukuwa kuti, "Kumanzere!"

Bamboyo anali kumbali yake yoyenera, ya kumadzi. Ine anandiphonya pang'onong'ono. Mkazi wanga, amene anali atayamba kale kukhotera kumanja, anamva mawu anga n'kubwerera kumene ndinamuuza. Anawombana ndi bamboyo maso ndi maso. Anagwera pa miyala ya m'mphepete mwa madzi, dzanja lamanja lili pansi, njinga ziwiri pamwamba pake. Kulira kwake sindidzakuiwala.

Bambo uja, magazi ali chuchuchu pachibwano, ndi amene anaitana ambulansi, chifukwa ine ndinangoti kakasi. Kuchipatala anati mafupa a pamkono aphwanyika ndipo mtsempha wavulala. Anamuchita opaleshoni komweko, ina titabwerera ku London. Mafupa analumikizana, koma zala zitatu sizipindika mpaka lero. Mzamba amagwira ntchito ndi zala. Anamusamutsira ku ofesi, kumene amayankha mafoni a amayi oyembekezera, ana akubadwira m'manja mwa anzake m'chipinda chapafupi.

Sanandidzudzulepo, ndipo chimenecho n'chomwe chimandipweteka koposa. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumufunsa chifukwa chake anabwerera pamene anali atakhota kale bwino. Anandiyang'ana modabwa, nati, "Nanga si munanena ndinu?"

Inu owerenga, makamaka inu abambo amene mumaphunzitsa akazi anu kapena ana anu njinga kapena galimoto, dziwani kuti pa ngozi munthu wokukhulupirirani amataya nzeru zake n'kutola zanu. Musamakuwe chinthu chimene simunachiganize. Mukamapita dziko la eni, musadalire zaka zimene mwakhala pa chishalo, pakuti zaka zomwezo n'zimene zimakusokeretsani thupi likatopa. Pumani musanaleme, ndipo pamalo opanikizika tsikani muyende pansi, palibe amene adzakusekeni.

M'mawa uliwonse ndimamumanga mabatani a malaya asanapite ku ntchito. Amanena kuti zikomo, ine n'kusowa poyang'ana.